Ulendo Wautali wa Panjinga Kumapiri ndi M'mbali mwa Nyanja: Njira Zinayi kwa Amalawi a ku Johannesburg

Ambiri mwa Amalawi amene tikukhala kuno ku Johannesburg tinakula ndi njinga, koma tinaidziwa ngati chida cha ntchito, yopitira kuchigayo, kusukulu kapena yochitira kabaza. Masiku ano ena mwa ife amapalasa Lamlungu m'mawa cha ku Cradle of Humankind kapena ku Suikerbosrand, ndipo munthu akazolowera makilomita 60 kapena 80 pa tsiku, maganizo a ulendo wa sabata imodzi kapena ziwiri, wokwera mapiri n'kutsikira kunyanja, sachedwa kumufikira. Nkhani ino ndi ya munthu amene wafika pamenepo ndipo akufuna kusankha kopita. Ndayerekeza njira zinayi: mapiri a Mpumalanga, Lesotho mpaka kugombe la KwaZulu-Natal, Garden Route pamodzi ndi Klein Karoo m'chigawo cha Western Cape, komanso msewu wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Zonse ndi zokongola, choncho kukongola sikungakuthandizeni kusankha. Chimene chidzakusankhireni ndi mwezi umene mwapatsidwa tchuthi, mapepala amene muli nawo, ndi njinga imene ili pakhomo panu lero.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi ndalama. Anthu ambiri amawerengera mtengo wa njinga ndi zikwama zake n'kuiwala kuti ndalama zochuluka zimathera pa kukafika poyambira ulendo ndi pa malo ogona. Malamulo a South Africa salola njinga m'misewu ya freeway, ndipo amene angayambire pakhomo pake ku Turffontein kapena ku Cosmo City amatha masiku awiri kapena atatu akulimbana ndi malole asanaone phiri ngakhale limodzi. N'chifukwa chake pa njira iliyonse ndawerengerapo basi kapena ndege, pamodzi ndi ndalama yonyamulitsira njinga, imene kawirikawiri amafuna kuti ikhale m'katoni.

Chachiwiri ndi kupezeka kwa zofunika pamsewu: mtunda umene ulipo kuchoka pa madzi ena kufika pa ena, pa sitolo ina kufika pa ina, ndiponso ngati pali pogona pamene miyendo yathera. Chachitatu ndi kusamalira njinga, ndipo apa funso lenileni n'lakuti chinthu chikathyoka, ndani adzachikonze ndipo adzachikonza ndi chiyani. Njinga yachitsulo ya matayala a mainchesi 26 ndi mabuleki a waya imalemera komanso sithamanga, koma makaniko aliyense amaidziwa. Njinga yamakono ya matayala a mainchesi 29 ndi mabuleki a mafuta imayenda bwino kwambiri m'mitsetse, koma payipi yake ikaphulika muli kutali ndi tauni, ulendo wathera pomwepo. Chachinayi ndi zoopsa, monga magalimoto, nyengo, matenda ndi akuba.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatseka njira zina munthu asanayambe n'komwe kuyeza zinayizi. China ndi mwezi. Ambiri mwa ife, makamaka a ntchito zomangamanga ndi za m'nyumba, timapuma pakati pa Disembala ndi kumayambiriro a Januwale, ndipo imeneyi si nthawi yabwino pa njira zambiri zili pansipa. Amene angathe kuphatikiza tchuthi chake ndi Pasaka, kapena ndi maholide a 27 Epulo ndi 1 Meyi, ali ndi mwayi waukulu. China ndi mapepala. Njira ya ku Lesotho ndi ya ku Malawi zimafuna kutuluka m'dziko muno n'kulowanso. Pasipoti ya Malawi imalola masiku 30 okha popanda chilolezo china, ndipo malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014 amati wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, kapena kwa zaka zisanu ngati anapitiriza masiku oposa 30. Ngakhale pa njira za mkati mwa dziko, nyamulani pasipoti ndi chilolezo chanu chifukwa apolisi amaimitsa anthu pamsewu. Dziwaninso kuti chipewa choteteza mutu n'chokakamiza kwa wapanjinga aliyense kuyambira 2004, ndipo mukakhala angapo lamulo limafuna kuti muzindondozana mzere umodzi.

Njira yoyamba: mapiri a Mpumalanga

Ulendowu ndi wozungulira. Mumayambira ku Mashishing, kumene ambiri amakutchulabe kuti Lydenburg, n'kukwera Long Tom Pass pa msewu wa R37 kutsikira ku Sabie, kenaka R532 kudutsa mathithi a Mac Mac kufika ku Graskop, kupitirira ku Bourke's Luck Potholes ndi Three Rondavels m'mphepete mwa chigwa cha Blyde River, n'kubwerera kudzera ku Ohrigstad. Wonse ndi makilomita pakati pa 200 ndi 250, omwe munthu wonyamula katundu angawayende masiku anayi kapena asanu mosapupuluma. Kuno kulibe gombe, ndipo ndaiyikapo chifukwa ndi sukulu yabwino ya njira zinazo.

Ndalama: iyi ndiyo yotsika mtengo pa zonse, chifukwa Mashishing ali pa makilomita pafupifupi 300 kuchoka ku Johannesburg. Anthu atatu kapena anayi angathe kusonkherana mafuta a galimoto imodzi, kapena kukwera basi pa Park Station kupita ku Mbombela n'kupalasa makilomita pafupifupi 60 kufika ku Sabie. Malo ambiri oonerapo chigwa ndi mathithi amalipiritsa pakhomo, ndipo tindalama timeneti tikaphatikizana timakula.

Kupezeka kwa zofunika: Sabie ndi Graskop ndi matauni a alendo, choncho masitolo, makina otapira ndalama ndi malo okhomera tenti zilipo. Pamene pamafunika kusamala ndi pakati pa Mashishing ndi Sabie, mtunda wa makilomita opitirira 50 umene simungadalire kugula chakudya, ndiponso kupitirira Bourke's Luck kumene kumatentha ndipo mthunzi ndi wochepa.

Kusamalira njinga: msewu wonse ndi watala, koma maenje ndi ambiri, ndipo dzenje limodzi lokha pamtsetse likhoza kupinda limu. Long Tom imafika mamita 2,150 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuchoka pamenepo kufika ku Sabie mumatsika mamita pafupifupi 1,000, choncho yambani ulendo ndi malabala atsopano a mabuleki. Zipangizo zikuluzikulu mungazipeze ku Mbombela.

Zoopsa: dera lonseli ndi la nkhalango za paini ndi bulugamu, ndipo malole a zipika amayenda tsiku lonse. Nkhungu ya pa Long Tom imagwa mwadzidzidzi, mwakuti mumamva lole ikusintha giya kumbuyo kwanu musanaone nyali zake, pamene kumanzere kwanu tala wathera pa udzu wonyowa. Nyali yofiira yothwanima ndi jekete yowala n'zofunika ngakhale masana. M'Disembala mvula ya mabingu imakonda kugwa madzulo, choncho nyamukani mbandakucha kuti pofika 2 koloko mukhale mutafika. Mukatsikira ku Hazyview ndi madera oyandikira Kruger, mwalowa m'dera la malungo.

Njira yachiwiri: Lesotho, Sani Pass ndi gombe la KwaZulu-Natal

Iyi ndiyo imayankha bwino lomwe funso la mapiri ndi nyanja pa ulendo umodzi, komanso ndiyo yovuta kupambana zonse. Mumayambira ku Clarens kapena ku Fouriesburg mu Free State, kulowa Lesotho pa chipata cha Caledonspoort kufika ku Butha-Buthe, kenaka kutsata msewu wa A1 kukwera Moteng Pass, kudutsa Oxbow, Afriski ndi mgodi wa dayamondi wa Letšeng mpaka ku Mokhotlong. Kuchoka kumeneko mumafika pa Sani Top, kutsika Sani Pass kupita ku Himeville ndi Underberg, ndipo msewu wa R612 wodzera ku Ixopo umakakutulani kunyanja yamchere ku Park Rynie, pafupi ndi Scottburgh. Basi yobwerera mumakwerera ku Durban. Patulani masiku osachepera khumi.

Ndalama: kufika ku Clarens sikudula kwenikweni, popeza ndi mtunda wofanana ndi wa ku Mashishing. Ku Lesotho ndalama yawo ya loti ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo randi amailandira paliponse, koma nyamulani ndalama zogwirika chifukwa makina ndi osowa kumapiri. Chakudya cha m'midzi n'chotchipa. Chodula ndi zovala ndi zofunda, chifukwa kumeneku simungapite ndi bulangete la pa PEP ndi tenti ya masewera. Pamafunika thumba logonamo la kumalo ozizira kwambiri, magolovesi ndi jekete yosalowa madzi.

Kupezeka kwa zofunika: kuchoka ku Butha-Buthe mpaka ku Mokhotlong timasitolo tilipo apo ndi apo, togulitsa buledi, nsomba za m'chitini ndi ufa, koma pali zigawo zazitali zopanda nyumba iliyonse kupatula timisasa ta abusa a nkhosa. Madzi a m'mitsinje ndi ambiri koma aziwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala chifukwa ziweto zimamwa momwemo. Mukafuna kugona pamudzi, pemphani malo kwa mfumu monga timachitira kwathu, ndipo musakhome tenti musanalonjere eni dera. Zipata za pa Sani zimatsekedwa madzulo, choncho wochedwa amagona kumtunda.

Kusamalira njinga: msewu wa A1 ndi watala, koma zitunda zake n'zoimirira moti njinga yopanda giya yopepuka kwambiri mudzangoikankha. Pamwamba pa Tlaeeng ndi pa Kotisephola msewu umapitirira mamita 3,200. Sani Pass ili pa mamita 2,876, ndipo pakati pa chipata cha Lesotho ndi cha South Africa pali makilomita pafupifupi 8 a miyala yogumuka ndi makona okhota kwambiri, amene magalimoto ololedwa ndi a 4x4. Wonyamula katundu atsike pa njinga m'makona oyambirira. Palibe chamanyazi pamenepo. Musayembekezere kupeza shopu ya njinga zamakono kumapiriku. Tengani malabala a mabuleki apadera, waya wa giya ndi wa mabuleki, masipoko, tizidutswa tolumikizira tcheni ndi tayala limodzi lopindika.

Zoopsa: kuzizira ndiko kumapha anthu kumapiri awa. Chipale chofewa chimagwa makamaka kuyambira Meyi mpaka Seputembala, koma chikhoza kugwa mwezi wina uliwonse, ndipo m'chilimwe mphenzi zimawomba pamalo opanda pobisala. Ife a ku Johannesburg tili ndi mwayi pang'ono chifukwa tinazolowera kukhala pa mamita oposa 1,700, komabe pamwamba pa 3,000 mpweya umachepa, mutu umapweteka ndipo mtunda umene mumauyenda ola limodzi umatenga maola awiri. Agalu a abusa ndi aukali. Mukawaona imani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iwo, mpaka mwini wake awaitane. Kumunsi, gombe la kumwera kwa Durban limadzaza magalimoto m'Disembala, ndipo njinga siyenera kusiyidwa payokha ngakhale kwa mphindi zochepa. Miyezi yabwino ndi Malichi, Epulo, Okutobala ndi Novembala.

Njira yachitatu: Garden Route ndi Klein Karoo

Ulendo umene ndingaulangize kuno ndi wozungulira makilomita pafupifupi 500. Umayambira ku George, kutsata Seven Passes Road kupita ku Knysna, kukwera Prince Alfred's Pass kudutsa De Vlugt kufika ku Uniondale, kenaka De Rust, Meiringspoort ndi Prince Albert. Kuchoka apo mumawoloka Swartberg Pass kutsikira ku Oudtshoorn, n'kudzera Robinson Pass kukafika kunyanja ku Mossel Bay. Ingapo mwa misewu imeneyi inamangidwa ndi Thomas Bain m'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya ngolo za ng'ombe, ndipo n'chifukwa chake zitunda zake zambiri zimakwera mozungulira, mwa mlingo umene miyendo ingaupirire. Swartberg Pass inatsegulidwa mu 1888, imafika mamita 1,583, ndipo makoma ake a miyala yosanjikiza popanda simenti akugwirabe msewu mpaka lero.

Ndalama: iyi ndiyo yodula. George ali pa makilomita oposa 1,100 kuchoka kuno, choncho mumasankha pakati pa basi ya usiku wonse ndi ndege ya pa OR Tambo. Dera lonseli limakhalira alendo, ndipo kuyambira pakati pa Disembala mpaka masukulu atatsegulira mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri, malo ena amafuna kuti mulipire masiku angapo pakamodzi, ndipo ngakhale pokhoma tenti pamadzaza. Kugona patchire si yankho, chifukwa pafupifupi malo onse ali m'mipanda ya mafamu kapena ya nkhalango zotetezedwa.

Kupezeka kwa zofunika: kumbali ya nyanja zonse zilipo. Mukangowoloka mapiri kulowa m'Karoo zinthu zimasintha, chifukwa matauni ndi otalikirana, mitsinje yambiri ndi youma, ndipo masitolo a m'matauni ang'onoang'ono amatseka msanga Loweruka ndi Lamlungu. Kuchoka ku Uniondale kupita ku De Rust, kapena pokwera Swartberg, nyamulani madzi a tsiku lonse.

Kusamalira njinga: pa njira zonse za mu South Africa, kuno ndiko mashopu a njinga ali ambiri, ku George, Knysna, Oudtshoorn ndi Mossel Bay, motero njinga yamakono ilibe vuto. Gawo lalikulu la msewu ndi lafumbi ndi miyala, choncho matayala akhale otakata. Fumbi limadya tcheni, ndipo muyenera kuipukuta ndi kuithira mafuta tsiku lililonse. M'Karoo muli minga ing'onoing'ono yolimba imene imaboola chubu kangapo pa tsiku. Matayala opanda chubu, othiridwa madzi omata mabowo, amathandiza kwambiri.

Zoopsa: kuno kulibe malungo, zipatala zili pafupi, ndipo chigawo cha Western Cape chili ndi lamulo la 2013 lakuti galimoto isiye mita imodzi podutsa wapanjinga, ngakhale si madalaivala onse amene amalitsata. Pewani msewu waukulu wa N2 pamene mungathe, chifukwa magalimoto oyenda pang'onopang'ono amalowa kuseri kwa mzere wachikasu kuti ena adutse, ndipo mmenemo ndi momwe inu muli. Ku Oudtshoorn kutentha kumafika madigiri 40 m'Januwale ndi Febuluwale. Msewu wa Meiringspoort umawoloka mtsinje umodzimodzi maulendo 25 pakati pa matanthwe, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amadzaza mwadzidzidzi n'kutseketsa msewu, choncho funsani musanalowe. Anyani a kumeneku anazolowera anthu ndipo amatsegula zikwama. Malichi mpaka Meyi, kapena Seputembala mpaka Novembala, ndiyo miyezi yoyenera.

Njira yachinayi: kwathu, m'mbali mwa nyanja ya Malawi

Nyanja yathu si yamchere, koma amene anayendapo msewu wa M5 akudziwa kuti gombe lake silichepa kwa lina lililonse. Ulendo wabwino umayambira ku Lilongwe kutsikira ku Salima, kapena ku Dedza kutsika Khwekhwerere kufika ku Golomoti, kenaka kulunjika kumpoto kudutsa Nkhotakota, minda ya nzimbe ya Dwangwa, Chintheche ndi Nkhata Bay. Apo mumakwera kupita ku Mzuzu, kutsata M1 kutsika Chiweta kubwereranso kunyanja ku Chitimba, ndipo amene miyendo yatsala amakwera Gorodi, msewu wa makona 20 wopita ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894. Wokhala ndi masiku ambiri akhoza kudzera ku Rumphi kupita ku Nyika, kapena kukweza njinga mu Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, n'kubwerera ku Monkey Bay pamadzi.

Ndalama: kufika n'kumene kumadula, kaya pa ndege kaya pa basi ya masiku awiri yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Koma ambiri mwa ife timapita kumudzi ndi kale, choncho ndalama imeneyi si ya ulendo wa njinga wokha. Mabasi a kwathu anazolowera kunyamula katundu m'ngolo ndipo njinga sawadabwitsa. Sungani lisiti yake kuti musavutike pachipata. Mukafika, wolandira malipiro a marandi amapeza kuti nsima ya usipa, tchipisi cha pamsewu, nthochi ndi chipinda cha pa resitihausi sizimupweteka m'thumba. Ndinenepo chinthu chimodzi chimene mabuku a alendo sangachitchule: ulendo wodutsa kwa abale uli ndi ndalama zake, ndipo wobwera kuchokera ku Joni sangafike kwa azakhali ake chimanjamanja. Ziwerengereni zimenezi musananyamuke.

Kupezeka kwa zofunika: palibe njira ina imene ingafanane ndi iyi. Pa makilomita ochepa alionse pali msika, mjigo, tiyirumu kapena mayi wogulitsa mandasi, mwakuti simufunika kunyamula chitofu kapena tenti pokhapokha ngati mukupita ku Nyika. Chilankhulo si vuto, ngakhale ndi ulemu kuphunzira malonje a Chitonga ndi Chitumbuka musanafike kwa eni ake. Ndalama mungazisunge pa Airtel Money kapena Mpamba n'kumatapa pang'onopang'ono. Ku Nkhata Bay mudzadya kondowole, ndipo ndi chakudya chokhalitsa m'mimba choyenera tsiku lokwera kupita ku Mzuzu, makilomita osakwana 50 koma okwera mamita oposa 700.

Kusamalira njinga: apa ndi pamene mtundu wa njinga umasankha zonse. Pa siteji iliyonse ya kabaza pali makaniko pansi pa mtengo wa mango, njinga ataitembenuza chagada, beseni la madzi lili pambali poyesera chubu, ndipo amawongola limu ndi sipanala yaing'ono akuyang'ana ndi diso limodzi. Munthu ameneyu adzakukonzerani sipoko, tcheni, kaliyala yothyoka ngakhale felemu yachitsulo mothandizana ndi wowotcherera wa pafupi, pa ndalama yochepa kwambiri. Koma zipangizo zimene ali nazo ndi za njinga za kabaza ndi za matayala a mainchesi 26. Tayala la 29, mabuleki a mafuta kapena tcheni yopyapyala ya magiya khumi ndi awiri sadzakhala nazo, ndipo ngakhale ku Mzuzu mukhoza kuzisowa. Ine ndimaona kuti kwa ulendo umenewu njinga yakale yachitsulo, yogula kwa munthu kuno kapena ku Lilongwe, imaposa yamakono, ndipo pomaliza mukhoza kuisiyira mphwanu kumudzi.

Zoopsa: M5 ndi yopapatiza, m'mphepete mwake tala anadyeka, ndipo milatho ina ndi ya galimoto imodzi. Basi kapena lole ikaimba hutala kumbuyo, tsikirani kufumbi monga amachitira akabaza, ndipo musapalase usiku. Pa Chiweta mabuleki a labala amatenthetsa limu mpaka chubu kuphulika, choncho imani kangapo kuti izizire. Choopsa chachikulu ndi malungo, makamaka kwa ife amene takhalitsa ku Johannesburg, chifukwa thupi likatha zaka osakumana ndi udzudzu wa malungo limataya mphamvu imene linali nayo yolimbana nawo. Kaonaneni ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke, gonani m'neti, ndipo mukamva kutentha thupi, kaya muli kumudzi kaya mwabwerera kuno, kayezetseni tsiku lomwelo n'kunena kumene munali. Pewani kusamba m'madzi odekha a m'mabango chifukwa cha likodzo, ndiponso pa mathiriro a mitsinje monga Bua ndi Dwangwa chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, pamene kuli kozizira ndipo mwera umawomba kuchokera kumwera n'kumakankha wopita kumpoto. N'chifukwa chake ulendowu uyambire ku Salima osati ku Karonga. Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha koopsa, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula imakokolola milatho ndi kusandutsa Gorodi matope.

Njira iti kwa yani

Ngati simunayendepo ulendo wogona panjira, yambani ndi Mpumalanga, mwezi wina uliwonse umene mwapeza mpata. Ndi pafupi, ndi masiku ochepa, ndipo chikavuta mukhoza kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kumeneko mudzadziwa ngati chishalo chanu chimapiririka maola asanu ndi limodzi, ndiponso katundu amene munanyamula pachabe.

Ngati tchuthi chanu ndi cha Disembala basi, Mpumalanga ndiyonso ndingakulangizeni, mukumanyamuka m'mamawa. Ku Garden Route mwezi umenewu mudzalipira kwambiri ndi kupsa m'Karoo, ndipo ku Lesotho mudzakumana ndi mphenzi. Wopita kumudzi pa Khirisimasi atha kupalasa masiku awiri kapena atatu pakati pa Salima ndi Nkhotakota kukacha bwino, koma ulendo wonse wa kumpoto ausungire chaka chimene adzapeze tchuthi cha Juni kapena Julayi.

Ngati mapepala anu akadali m'manja mwa a Home Affairs, kapena muli ndi chikayiko chilichonse kuti mukatuluka mudzaloledwa kulowanso, siyani Lesotho ndi Malawi kufikira zitalongosoka, ndipo sankhani pakati pa Mpumalanga ndi Western Cape. Chimodzimodzi amene ali pa chilolezo cha othawa kwawo ayambe wafunsa odziwa malamulo asanaganize zowoloka chipata.

Ngati muli ndi njinga yamakono, ndalama zokwanira ndi tchuthi cha Epulo kapena Okutobala, pitani ku Garden Route ndi Klein Karoo. Ndi njira yoyeneranso banja kapena gulu limene muli ena osazolowera, chifukwa zipatala ndi mashopu zili pafupi ndipo masiku angathe kufupikitsidwa. Ngati njinga yanu ndi yachitsulo, ndalama n'zochepa koma masiku ndi ambiri m'nyengo yozizira, nyanja ya Malawi ndiyo yanu, ndipo mayi kapena bambo woyenda yekha adzapeza kuti kumeneko sakhala kutali ndi anthu nthawi iliyonse. Lesotho ndi Sani Pass zisiyireni amene anamalizapo imodzi mwa njira zinazi, amene amatha kusintha waya wa giya ndi sipoko yekha, ndipo apite anthu osachepera awiri, mmodzi atasiya kunyumba ndondomeko ya malo amene azigona tsiku lililonse.